Kamphasa ka Amayi Ako

Lute mwana wanga,

Ndakhala pansi kulemba chifukwa kulankhula kwandikanika. Dzulo nditangoyamba nkhani, unanyamula mtsuko n'kunena kuti madzi atha, chonsecho mtsukowo unali wodzaza mpaka m'khosi, moti unakunyowetsa msana pamene unkandithawa. Kalata ilibe vuto limenelo. Ukhoza kuipinda, kuikwiyira, kuibisa pansi pa mphasa, koma siisiyira mawu ake panjira. Ndinakuphunzitsa kuwerenga ndine, tsono lero zikutembenukire.

Mawa mukatuluka m'tchalitchi, a Filimoni akutenga kupita nawe kwawo ku Chisepo, ku chitengwa. Za m'nyumba akulangiza kale azimayi a mumpingo, masiku atatu athunthu, ndipo poona nkhope imene unatuluka nayo ndikukhulupirira kuti sanasiye kanthu. Ine sindilowererapo. Nkhani yanga ndi imodzi ndipo ukuidziwa: maluwa oyanga aja a pachitunda cha kuseri kwa nyumba, amene amayi ako ankawatcha kamphasa chifukwa cha mmene amayalira pansi. Atsibweni ako a Kamtedza anandiuza kale kuti chaka chakwana chimwalirire amayi ako, ndipo mwezi ukubwerawu ukangooneka andisudzula, ndibwerere kumene ndinachokera. Zimenezo sindikutsutsa, ndi mwambo. Koma anenanso kuti ndikangotuluka adzapala chitunda chonsecho n'kumangapo chigafa cha fodya. Mitengo adula kale, waiona yatsamira pamsuku paja. Ndiye kuti kamphasa kakhala ndi moyo pokhapokha wina atakachotsa m'mudzi muno. Ndinakupempha kuti utenge kamtolo kamodzi kokha. Iwe, pamaso pa atsibweni akowo, unayankha kuti, "Bambo, ine ndikalowe m'mudzi wa eni nditasenza udzu? Akandiseka." A Kamtedza anaseka mpaka fodya wa m'mphuno anawatsamwitsa. Udzu, Lute. Unaphunzirira kukwawa pa udzu umenewo.

Usandiuze kuti ndikatenge ndekha. Kwathu ku Nachisaka ndinachokako ndili mnyamata. Nyumba ya amayi anga inagwa kalekale, ndipo mlongo wanga ali ndi akamwini ake atatu, sakusowa munthu wachinayi waimvi womudyera ufa. A mishoni akuti azindiyendetsa m'masukulu a m'midzi, miyezi iwiri apa, itatu apo, kugona m'kachipinda kosungiramo masileti. Munthu wotere sabzala kanthu. Komanso, popeza m'mudzi muno timakonda mwambo kwambiri, tiyeni tiutsate mpaka kumapeto kwake: za mayi zimapita kwa mwana wamkazi. Mtondo wa amayi ako watenga. Lichero watenga. Mikanda yawo watenga, ndipo sindinakumve ukufunsa ngati akakuseka nayo. Kamphasa nakonso n'ka amayi ako. Ine ndinali wantchito chabe, wantchito wake wosadziwa ntchito, monga uonere m'munsimu. Ndikulembera zolakwa zanga zonse kuti iwe ukapeze zako zatsopano, usakabwereze zanga.

Kulakwa koyamba kunali kwa munthu wophunzira. Nditabwerako kumwera kuja, kumene a mishoni ananditumiza zaka zinayi kukawerenga mabuku, ndinkaphunzitsa pamishoni pomwepo. Tsiku lina ndinaona Dona, mkazi wa mbusa wachizungu, akutayitsa kudzala mulu wa timphukira ta maluwa amene anasadza m'mbali mwa njira yake. Ndinapempha. Anandipatsa, n'kundiuzanso dzina lake lachilatini, lalitali kuposa chomeracho, ndipo ine ndinalilemba bwinobwino m'kabuku, poganiza kuti wadziwa dzina wadziwa zonse. Tinali titangokwatirana ndi amayi ako. Ndinafika nato pano monyada ngati ndikukusa ng'ombe. Ndinakaunda mzere waukulu kudimba, wonga wa mbatata, m'dothi lakuda lonyowa lija, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo osaphonya. Sabata ziwiri zisanathe timphukira tonse tinavunda, kununkha ngati chinangwa chokhalitsa m'madzi. Kanatsala kamodzi kamene kanakanirira m'dengu. Amayi ako anakatola, anazungulira kuseri kwa nyumba, pachitunda cha miyala pamene ngakhale nkhuku zinkanyansidwa kupalasa, anaboola ndi chala n'kukasomeka. Nditawafotokozera kuti mabuku sanena choncho, anandifunsa kuti kodi Donayo ake anabzala m'dambo kapena pamtunda. Ndinali nditadutsa panjira ya Dona tsiku ndi tsiku chaka chathunthu, mutu uli m'mwamba, osayang'ana pansi ndi kamodzi komwe. Tsono tamvera. Ku Chisepo n'kwachidikha, madzi amakhalitsa. Mvula ikagwa ukazungulire nyumba, uone pamene madzi sagona, pamene pali timiyala, pamene dzuwa limawomba kuyambira m'mawa mpaka kupendeka. Ukabzale pamenepo. Kuthirira ndi sabata ziwiri zoyamba zokha, pang'onopang'ono, kenaka ukasiye kadzifunire kokha madzi. Kamphasa kamafa ndi kusamalidwa msanga kuposa ndi ludzu.

Kulakwa kwachiwiri kunali chifundo, ndipo chifundo chapha maluwa ambiri kuposa mbuzi. Kamodzi kaja kanagwira. Chaka chachiwiri kanayala malo okwana mphasa imodzi, chachitatu kanaphimba theka la chitunda, timaluwa take tofanana mtundu ndi duwa la mbatata koma tothithikana, moti masamba sankaoneka. Ine ndinalumbira kuti mpeni sudzakhudzapo. Amayi ako akanena zodula, ndinkawayankha ndi ulaliki wa mitu itatu, wonena kuti chimene Mulungu wameretsa munthu asafupikitse. Chaka chachinayi pakati ponse panasanduka tizitsotso touma, dazi lenileni longa la atsibweni ako, maluwa n'kutsala m'mphepete mokha ngati katsitsi ka kuseri kwa makutu. Ndiye ndinapita sabata imodzi kukayendera masukulu a kuseri kwa phiri. Pobwera ndinapeza chitunda chametedwa. Mlandu ndinaupereka pomwepo kwa mbuzi za a Kamtedza, ndipo ndinanyamuka kupita pakhomo pawo ndi mawu okonzeratu. Amayi ako anandileka ndipite, ndikalankhule, ndikauzidwe kuti mbuzizo zakhala pachingwe mwezi wonse, ndibwere wamanyazi, ndiyeno n'kundionetsa chikwakwa chawo. Masiku awiri sindinawalankhule. Pambuyo pake anandiuza kuti chikwatiwire sanapumepo ngati masiku awiri amenewo. Mvula itagwa, padazi paja panatuluka timphukira tochuluka ngati tsitsi la khanda, ndipo chaka chimenecho maluwa anafika mpaka pakhoma. Tamvera, Lute. Mvula ikamatha, chimanga chikamauma, maluwa akayamba kufota n'kuda, dula. Usadikire kuti mtima ulole, chifukwa sudzalola. Siya zala zinayi kuchokera padothi, ndipo nthambi iliyonse itsale ndi masamba awiri atatu amoyo. Mpeni ukhale wakuthwa. Wobuntha umatafuna, ndipo potafunidwa ndi pamene pamayambira kuvunda. Zala zinayi, usaiwale.

Munthu wophunzira akalakwira mbali imodzi sabwerera pakati, amalumphira mbali inayo. Nditaona kuti kudula n'kwabwino, ndinaganiza kuti kudula kwambiri n'kwabwino kwambiri. Zaka ziwiri zitadutsa, m'mwezi wotentha uja, nyenje zikulira m'makutu, ndinatenga khasu, osati mpeni, n'kupala mpaka dothi. Ndipo monga mwana aliyense wa Mchewa amene waunjika zinyalala, dzanja linandiyabwa kufuna moto. Ndinatenthera pomwepo, ndikudziuza kuti phulusa ndi chakudya cha nthaka, monga timachitira kumunda. Koma kumunda timatentha chifukwa mbewu ili m'nkhokwe. Mbewu ya kamphasa ndi kamphasa komweko, mizu yake ili pamwamba penipeni, kuya kwa chala chimodzi. Theka lonse linapsa osadzukanso. Amayi ako anali oyembekezera iwe, miyendo itatupa, sakanatha kundithamangira. Anangoyang'ana utsiwo ali pakhonde, n'kundilangiza mofatsa kuti mawa nditenthenso nkhokwe, chimanga nachonso chidyeko phulusa. Panatenga zaka zitatu kuti pamalo popsapo pabwererenso. Tsono khasu lisayandikire, moto usayandikire, ndipo pakutentha usadule kanthu. Ukafuna kukakonza mvula isanakhazikike, dikira chizimalupsa chigwe, nthaka izizire, ndiye uchepetse nsonga zokha. Zodulazo ukatayire kutali. Ndikudziwa kuti dzanja lidzakuyabwa, ndiwe mwana wanga.

Kenaka manyowa. Ndinawerenga penapake kuti chomera chilichonse chimakondwera ndi ndowe, ndipo ndinasenza madengu asanu kuchokera m'khola, mphunzitsi wathunthu, ana a sukulu akundionerera. Kamphasa kananenepa. Masamba anakula, anabiriwira, anafewa, koma duwa ndi limodzi lomwe silinaoneke nyengo yonseyo. Chokhuta sichiona chifukwa chochitira maluwa. Amayi ako aang'ono, a Nachisale, ataona masamba onenepawo anati potsiriza mkamwini uja wabzala chinthu chanzeru. Anathyola lichero lonse, anatendera nsinjiro zawo zabwino, ndipo banja lonse linalavula mpaka madzulo. Wolakwa anapezeka kuti ndine, chifukwa ndinabzala chinthu chonamizira ndiwo. Kuyambira tsiku limenelo funso lakhala limodzi m'mudzi muno. Mlendo aliyense akazungulira kuseri amaima, amayang'ana, n'kufunsa ngati chimadyedwa. Ukati ayi, amafunsa ngati n'chamankhwala. Ukati ayi, amakuyang'ana mmene timayang'anira munthu amene wagwa mumtengo ali mwana. Mikanda ya amayi ako imadyedwa? Nyimbo imene mudzaimbe mawa imadyedwa? Mphini zimene a Nachisale anatema kumaso kwawo ali mtsikana zinakhutitsapo ndani? Iwe ndowe usaikepo. Ukaona kuti katopa, kadothi kakuda ka pansi pa mtengo, chikhatho chimodzi, n'kokwanira chaka chonse.

Usaganize kuti opusa ali mbali imodzi yokha. Chaka china kunadutsa mzungu wina woyendera midzi, ali m'machila, anthu asanu ndi atatu omunyamula akupuma mwawefuwefu ngati ng'ombe pachikweza chija. Ataona chitunda chitadzaza ndi maluwa anaimitsa ulendo. Anatsika, anayang'ana, ndipo anafunsa kudzera mwa womasulira kuti ndani anaphunzitsa munthu wakuda uyu zimenezi. Ine ndinamuyankha m'chilankhulo chake chomwe, bwino kuposa womasulirayo, koma iye anapitiriza kuyang'ana womasulira, ngati kuti mawu atuluka m'chitsa. Anati maluwawa ndi umboni wakuti anthu athu akhoza kukwezedwa, ndipo anandilonjeza ulemu waukulu: ndisiye sukulu, ndikavale kabudula wa kaki, ndizikathirira maluwa kunyumba kwake. Taona pamene ndakhala zaka zonsezi, mwana wanga. Uku akuti ndine wamisala chifukwa sichidyedwa, uko akuti ndakwezedwa chifukwa ndikufanana nawo. Ndipo tsiku limenelo amayi ako anali ataima pomwepo, chikwakwa chili m'manja, dothi lili m'zikhadabo. Mzunguyo sanawafunse kanthu. Womasulira sanawafunse. A Kamtedza, amene anathamangira kudzagwira chipewa cha mlendo, sanawatchule. Ndipo ine, ndikuvomera, sindinawatchule, chifukwa ndinali wotanganidwa ndi kukwiya m'Chingerezi. Ukamva wina ku Chisepo akunena kuti wanyamula za azungu, umuuze kuti mzungu anataya kudzala. Chimene wanyamulacho ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za manja a mkazi wa ku Ntchisi.

Tsopano za malire, ndipo apa uwerenge kawiri chifukwa ukupita kukakhala mlendo. Kamphasa kamayenda. Mfundo iliyonse ikakhudza dothi imamera mizu, ndipo pamenepo pamayambira ulendo wina. Chaka china ndinakalekerera, kanadutsa kanjira ka kuchitsime n'kulowa m'maungu a a Nachisale. Atsibweni ako anaitanitsa nkhani. Anati mkamwini wayamba kulanda malo mochenjera, lero watumiza maluwa, mawa atumiza mpanda. Ine ndinayankha ndi mfundo zomveka bwino, zotsatana ngati za m'buku, ndipo nditamaliza ndinapereka tambala wanga wofiira. Ndinakwiya chaka chonse, koma lero ndikuuza zoona: pamenepo a Kamtedza sanalakwe. Maungu anali a eni. Tsono ukafika usakangosomeka pamene pakukomera. Ukagwade kwa apongozi ako aakazi, ukawapemphe kamalo, akakulozere okha ndi dzanja lawo, anthu akuona. Ukazungulize timiyala. Mwezi uliwonse uyende m'mphepete ndi mpeni, chilichonse chimene chadumpha miyala udule, ngakhale chili ndi duwa lokongola bwanji. Chomera chosadziwa malire chimadanitsa mwini wake.

Koma zodula za m'mphepetezo, zimene zili kale ndi mizu, usataye ngati zina zija. Apa ndiye pali kulakwa kumene kwandifikitsa pogwadira mwana wanga lero. Anthu sanali onyoza onse. Mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje anabwerapo kudzapempha kambewu. Ine ndinamukhazika pansi n'kuyamba kumufotokozera za dothi, za dzuwa, za zala zinayi, za dzina lachilatini, ndi za kusayamika kwa anthu a m'mudzi muno. Dzuwa litapendeka mayiyo anakumbukira kuti wasiya mwana, anatsazika, ndipo anapita chimanjamanja. Mkazi wa mlaliki anapemphanso, ndinamukaniza poti kwawo kuli mbuzi zambiri. Ndinkafuna kuti kakhale kathu kokha, kuti onyozawo adzasirire. Dona uja anabwerera kwawo, wolowa m'nyumba mwake anazula zonse n'kubzala mpanda wa minga. Lero m'mapiri onse ano, mmene ndayendera ine, kamphasa kali pamalo amodzi, ndipo pamalo amodziwo patsamira mitengo ya chigafa. Ndikanagawa, bwenzi lero ndikuseka limodzi ndi a Kamtedza. Iwe ukagawe. Wopempha umupatse asanamalize kupempha, ndipo malangizo asapitirire mawu khumi. Amene adzakuseke kwambiri umupatse woyamba.

Ndibwerere ku mawu ako aja, chifukwa sanandichoke m'khosi. Akandiseka. Inde akakuseka. Akakuseka kayendedwe, akakuseka kuti umatchula mawu ngati wa kumapiri, akakuseka kuti umawerenga. Ukapita wopanda kanthu m'manja akakuseka kuti kwanu n'kosauka. Mudzi umene suseka mkazi wa chitengwa sunamangidwe. Ndiye ngati kusekedwa kulipo kale, bwanji osasekedwa utanyamula chako? Koma chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mawu amenewo ndikuwadziwa mwini wake. Ndi anga. Nditangofika pano akuluakulu anandiuza kuti mkamwini sabzala mtengo, angaoneke ngati wakhazikika. Ine, ndi mabuku anga onse, ndinamvera. Amayi ako anandipempha kangapo kuti tibzale mango awiri ndi malalanje, mbewu ankapereka kumishoni. Ndinkati anthu atiseka, adzati mkamwini akudziyesa mwini mudzi. Chaka chilichonse ndinkati mwina chaka chamawa sindidzakhalanso pano. Ndakhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndili chiimire pakhomo ngati mlendo wofuna kutsazika. Mthunzi umene ndikulembera kalatayi ndi wa mtengo wa eni. Chinthu chokha chimene ndinalimba nacho mtima ndi chomera chimene chimagona pansi, chosatalika kupitirira kakolo, kuseri kwa nyumba kumene anthu saona msanga. Ndipo anandisekabe. Mango aja bwenzi lero ukudya, ndipo kusekako kukanakhala komweko, kosachepa kosachuluka. Mantha amenewo usapite nawo ku Chisepo. Pa katundu yense wa bambo wako, amenewo ndiwo uyenera kusiya.

Amayi ako atadwala chifuwa chija, iwe unali kusukulu ya atsikana miyezi yoyambayo, tsono pali zimene sunaone. Masana ankandipempha kuti ndiwayalire kuseri, pafupi ndi chitunda, poti kumeneko dzuwa limawotha bwino. Mphamvu ya chikwakwa inali itatha, koma zala zinkagwirabe ntchito. Ankatsina timaluwa tofota, kamodzikamodzi, mpaka pamene dzanja lafika, n'kundiuza kuti ndiwasunthire mphasa. Ankati duwa lofota likasiyidwa, chomera chimayesa kuti ntchito yatha, chimayamba za njere n'kuleka kuphukira. Zimenezo uzichita iwenso, popita kuchitsime kapena pobwera, sizifuna tsiku lapadera. Ine nthawi imeneyo nyengo yodula inali itadutsa ndipo sindinadule. Ndinati sindingamete chitunda pamaso pa munthu wodwala. Iwo anati, "Abambo a Lute, inu mumadula mukakwiya, mumaleka mukamva chisoni. Muziyang'ana iko, osati mtima wanu." Ndinatenga mpeni tsiku lomwelo, iwo akundiwerengera zala.

Kulakwa kwanga komaliza ndikukuchita pompano, uku ukuwerenga. Tsiku lomwelo, nditamaliza kudula, amayi ako ananenanso mawu ena. Anati, "Mukamadzachoka pano mudzamupatse mwanayo. Koma musadzamuuze kuti ndanena ine, angadzatenge chifukwa cha maliro." Ndinalonjeza. Ndasunga chaka chathunthu, ndinasunga ngakhale pamene unkanditchulira udzu pamaso pa atsibweni ako, lilime likundiyabwa. Lero ndalephera. Ndaganiza zong'amba tsamba lino n'kuyambiranso, koma pepala latsala lochepa, ndipo kunena zoona sindikufuna. Iwo ankadziwa chimene ankanena: chinthu chotengedwa chifukwa cha chisoni chimathiriridwa misozi mwezi umodzi n'kuiwalika. Tsono ngati ungathe, chotsapo mawu amenewa poganiza. Ngati sungathe, mlanduwo ndi wanga, ndikayankha ndekha ndikakawapeza, ndipo ndikudziwa kale kuti sindikapambana.

M'mawa uno, pamene inu munali kokonza zovala za ukwati, ndafukula timphukira khumi ndi tiwiri, tonse ta mizu, tochokera m'mphepete mwa kum'mawa kumene kuli tamphamvu. Ndatidula zala zinayi, maluwa ndachotsa kuti tisatope panjira. Ndakulunga ndi dothi lake lonyowa m'khungwa la nthochi n'kumanga ndi luzi. Kulemera kwake sikufika pa nkhuku yaikazi. A Filimoni ndawafunsa, mwaulemu wake, ngati kwawo kuli lamulo loletsa maluwa. Anayamba afunsa ngati chimadyedwa, sindikubisira, koma nditati ayi anangoti ndiye mbuzi sizivuta, ndipo anadzipereka kunyamula okha. Ndawakaniza. Si katundu wa mwamuna, ndipo sindikufuna kuti kalowe m'mudzimo mozemba, iwe ukuyang'ana kumbali. Ulendo ndi wa masiku awiri. Pamtsinje uliwonse uviike kumunsi kwa mtolowo, osamiza wonse. Mukapuma uike pamthunzi. Mukafika usathamangire kubzala dzuwa lili pamutu, udikire lipepe, ndipo usiye chikhatho chimodzi ndi theka pakati pa kamodzi ndi kanzake. Padzaoneka patalipatali, padzaoneka pomvetsa chisoni, apongozi ako adzafunsa ngati ndi zomwezi unavutikira. Uwauze kuti adikire mvula iwiri. Mwa khumi ndi tiwirito tikagwira titatu, wapambana kuposa bambo wako.

Mtolowo sindiuika m'dengu lako. Ndaganizapo, pansi pa nsalu pali malo, koma ndakalamba kuti ndiyambe kuzembetsa zinthu ngati wakuba nkhuku. Uli pakhonde, kuseri kwa mtsuko waukulu, pamene pamadontha madzi. Sindidzautchulanso, mawa kapena tsiku lina lililonse. Ukaunyamula, n'kupezeka kuti panjira manyazi akukulira poyandikira mudzi wa eni, sindikukakamiza kulowa nawo. Koma usauponye pathanthwe kapena m'madzi. Upatuke pang'ono, upeze potsetsereka pamene pali timiyala ndi dzuwa, umasule luzi, ukande pansi ndi chala, mizu iyang'ane pansi. Kamphasa sikafuna zambiri, kanapirira kale ine.

Mawa ndikuperekezani mpaka pamphambano ya kumunsi kwa phiri, monga ayenera kuchitira bambo. Ndidzagwira dzanja la a Filimoni, ndidzapemphera mwachidule ngati Mulungu andithandiza, ndipo sindidzayang'ana m'dengu lako kapena pamutu pa wina aliyense. Kenaka ndidzakwera chikweza chija ndekha, pang'onopang'ono, chifukwa mawondo sakufunanso mapiri. Ndikafika pakhomo ndidzakhala ndi ludzu, ndipo ndidzapita pamtsuko kukamwa madzi.

Pita bwino, mwana wanga. Ambuye akutsogolere, ndipo mpeni wako ukhale wakuthwa.

Ndine bambo wako, wokwiya koma wako yemweyo,
Yonamu